Malembo a Mchenga

Linali Lachisanu, nthawi itangokwana 12 koloko masana, pamene aphunzitsi anandiika kathumba kaja m'manja. Kanali kosokedwa ndi chitenje chakale chobiriwira, maluwa ake atasuluka ndi kuchapa, ndipo kukamwa kwake ankamangako ndi chingwe cha nsapato. Sikankalemera. Ukakagwedeza kankalira ngati mapazi a munthu woyenda pabwalo losesa kumene. Mkati mwake munali makadi a malembo.

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 3 pa sukulu ina ya ku Chimwankhunda, ndipo sindinkadziwa kuwerenga.

Makadiwo aphunzitsi anapanga okha. Ankadula makatoni a sopo kukhala tizidutswa tokula ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Pa kachidutswa kalikonse ankalembapo lembo limodzi lalikulu, kenako n'kupakapo phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa motsata lembolo, n'kuwazapo mchenga wosefa. Ankaziyanika pawindo la kalasi. Zikauma, lembo lija linkakhala lokhakhala ngati lilime la mphaka. Malembo asanu aja, a, e, i, o ndi u, anali ofiira chifukwa mchenga wake ankasakaniza ndi katondo. Ena onse anali oyera. Unkatsinzina n'kuyendetsa chala pa lembolo, uku ukutchula liwu lake. Aphunzitsi ankalimbikira kuti dzina la lembo alibe nalo ntchito, akufuna liwu. Pa m tinkatseka milomo n'kung'ung'udza. Pa s tinkatulutsa mpweya ngati tayala la njinga lobooka. Kenako ankatenga makadi awiri, m ndi a, n'kumawayandikizitsa pang'onopang'ono ngati anthu oyambana amene akuwayanjanitsa, mpaka m'kamwa mwako mutuluke ma osadziwa kuti watuluka bwanji.

Ndinafika Sitandade 3 pobisala. M'kalasi tinalimo ambiri, moti ena ankakhala pakhomo miyendo ili panja. Aphunzitsi akawerenga mzere, tonse tinkabwereza mokweza, ndipo m'phokoso limenelo palibe akanadziwa kuti uyu akuwerenga, uyu akungoyendetsa milomo. Ine ndinali ndi khutu labwino. Tsamba likawerengedwa kawiri, ndinkaligwira lonse pamtima. Ndinkazindikira tsamba ndi chithunzi chake. Ndikaona mayi wosenza ndowa, ndinkadziwa kuti mawu ake akuyamba bwanji ndipo akuthera pati. Ndinkayendetsanso chala pansi pa mizere monga ankachitira anzanga, ndipo ndinkadziwa poima kuti ndipume. Mayeso a zaka ziwiri zija ndinakhoza mwa kuyang'ana dzanja la mnzanga wa pambali.

Aphunzitsi a chaka chimenecho anandigwira mosavuta, ndipo sanakweze mawu. Tsiku lina anandiitanira kutebulo lawo, natsegula buku pakati, naphimba chithunzi ndi chikhatho chawo. Anati ndiwerenge. Ndinayang'ana zala zawo, zomwe zinali zoyera ndi choko, ndikuyembekeza kuti mwina pakati pa zala paoneka kamwendo ka mbuzi kapena kamutu ka munthu. Sipanaoneke kanthu. Ndinangoyamba kunena tsamba la mayi wa ndowa lija. Anandisiya ndinene mpaka kumapeto. Kenako anachotsa dzanja, ndipo pa chithunzipo panali basi. Anangoti ndili ndi mutu wabwino, koma maso anga sanayambe ntchito, ndipo kuyambira mawa lake ndizitsalira anzanga akaweruka.

Otsalira tinalipo khumi ndi mmodzi. Tinkakhala pakhonde la kalasi mozungulira, makadi ali pakati. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinkaikonda. Panalibe phokoso. Aphunzitsi ankavula nsapato n'kukhala pansi ngati ife, ndipo ukalakwa ankangogwira chala chako n'kuchiyendetsanso. Tsiku limene ndinaphatikiza m ndi a, kenako n ndi o, n'kumva pakamwa panga patuluka mano, ndinagwira mano anga enieni ndi dzanja. Sindinkadziwa kuti timizere tija tingakhale ndi chinthu chimene chili m'kamwa mwanga.

Chovuta chinali ana opita kwawo. Ankadutsa pafupi ndi khonde dala. Anatipatsa dzina, ankati ndife amchenga. Wina ankafunsa kuti simenti ifika liti kuti tiyambe kumanga. Wina ankati tikamaliza timusungireko wilibala imodzi, bambo ake akufuna kupulasitala bafa. Aphunzitsi akadzutsa mutu ankathawa akuseka. Anzanga ena a m'gululo ankabweza mawu, koma ine pakamwa panga sipanakhalepo pachangu kuyambira kale. Ndinkangoweramira pansi, makutu akutentha.

Makadiwo analipo thumba limodzi lokha. Aphunzitsi anaika lamulo loti Lachisanu lililonse mwana mmodzi azipita nawo kwawo, akayeserere Loweruka ndi Lamulungu, n'kubwera nawo Lolemba. Ena ankalimbirana. Ine ndinkapemphera kuti teremu ithe dzina langa lisanafike. Koma linafika, mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Pondipatsa anandiuza zomwe ankauza aliyense, kuti adani a makadiwa ndi awiri, makoswe ndi madzi, choncho ndikawapachike pa msomali. Anawonjezera kuti ndikawaonetse akunyumba kuti azindithandiza.

Mawu omalizawo ndi amene anandilemera. Kunyumba kwathu tinkakhala atatu: amayi, amalume ndi ine. Amayi ankawotcha chimanga cha kudimba pafupi ndi siteji ya minibasi. Tsiku lonse ankakhala pa kampando kafupi, mbaula ili patsogolo, akukupiza makala ndi chidutswa cha katoni. Makatoniwo ankabweretsa ndi amalume, amene ankayendetsa galimoto ya shopu ina ya ku Limbe. Amayi sanapiteko kusukulu ndipo sankabisa. Kutchalitchi ankaimba nyimbo zonse pamtima, buku lili pamiyendo losatsegula. Kalata ikabwera ankaisunga m'Baibulo mpaka amalume aweruke.

Amalume ndiwo ankaona za sukulu yanga, ndipo ankanyada nane. Anzawo akabwera ankandiitana, n'kundipatsa buku la Chichewa kuti ndiwerenge. Ine ndinkatsegula pa tsamba limene ndikulidziwa n'kuyamba kuthamanga. Iwo ankaomba m'manja n'kumati uyu ndi loya wathu, adzatichotsa m'nyumba za lendi. Amayi ankamvetsera ali chapatali, akusenda makoko a chimanga, akumwetulira osayang'ana aliyense. Zoti ndimatsalira kusukulu ndinawauza kuti timasesa. Tsono ndikanalowa bwanji m'nyumba imeneyo ndi thumba la malembo a ana a Sitandade 1? Amalume akanangotsegula n'kudziwa kuti loya wawo akuphunzira a.

Ndinatuluka pageti kathumba kali mkati mwa yunifolomu, pamimba. Kankandikanda. Njira yathu inkatsetsereka kudutsa pa mpopi pomwe atsikana a m'dera lathu ankatunga madzi, ndipo ndinkaona ngati aliyense akumva kulira kwa mchenga ndikamayenda. Ndisanafike pa mpopipo panali kalavati, chipayipi chachikulu cha simenti chodutsa pansi pa msewu. Chinali chouma kuyambira Epulo. Munali mapepala, zitsononkho ndi fungo la mkodzo. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatsika, n'kulowa chokwawa. Ndinaika kathumba kuseri kwa mwala, n'kuphimba ndi masamba ouma a nthochi. Ndinaganiza kuti ndachenjera. Lolemba m'mawa ndikanangodutsa, n'kutenga, n'kukapereka, n'kunena kuti ndayeserera.

Ndimadzifunsa mpaka lero kuti mwana wobadwira mu Blantyre angaiwale bwanji ntchito ya kalavati m'mwezi wa Novembala. Koma mwana wamanyazi saona kumwamba. Amangoona nkhope za anthu.

Loweruka kunacha kotentha kwambiri. Cha m'ma 3 koloko mphepo inayamba kuulutsa majumbo, ndipo phiri la Soche linabisika ngati wina waliphimba ndi bulangete. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, amodziamodzi, akuboola fumbi. Fungo la dothi linakwera. Kenako inakhuthuka. Malata ankalira moti munthu sunkamva mnzako. Ana onse a mu mzere wa nyumba zathu anavula malaya n'kuthamangira panja, akuvina m'matope. Amayi anafika akuthamanga, mbaula atainyamula ndi nsanza, ali chinyowere koma akuseka, n'kundiuza kuti nditchere ndowa pansi pa malata. Ndinatchera. Kenako ndinaima pakhonde kuyang'ana madzi ofiira akutsika mumsewu, onse akulowera kumodzi. Amayi anandifunsa ngati ndikudwala, poti mvula yoyamba ndinkaikonda. Ndinati mutu.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinati ndikupita kwa mnzanga. M'kalavati munali matope ofika m'akakolo. Mwala uja unalipo, koma kuseri kwake kunalibe kanthu. Ndinatsata ngalande kumunsi, nsapato za kutchalitchi zili m'manja, mpaka ndinaona chobiriwira chitakodwa pa muzu. Chingwe chinali chomangabe bwinobwino. Nditamasula ndinapeza chiphala chotuwa, chonunkha chinangwa chovunda. Makatoni anali atamatana kukhala chibuma chimodzi. Ndinayesa kumatula kadi imodzi, inangonyenyeka m'zala. Mchenga wonse unali utatsikira pansi pa thumba, wofiira ndi woyera pamodzi. Ndinayendetsa chala pa chibumacho kufuna ngakhale lembo limodzi. Panali poterera ponseponse. Ndinakankhira zonse pansi pa muzu uja ndi phazi, ndinasamba m'manja m'madzi a m'ngalande, n'kubwerera kunyumba.

Lolemba aphunzitsi sanandifunse m'kalasi. Anadikira mpaka tonse khumi ndi mmodzi titakhala pakhonde, iwo atavula kale nsapato. Anatambasula dzanja akumwetulira. Ndinati ndaiwala kunyumba. Anati palibe vuto, kwathu si kutali, ndithamange. Sindinadzuke. Anzanga onse anali akundiyang'ana. Aphunzitsi anafunsanso, mofatsa, kuti makadi ali kuti.

Sindinakonzekere. Ndikanakonzekera mwina ndikananena za makoswe, kapena kuti wina wandilanda panjira. Koma mawu amene anatuluka anatuluka osavuta, ngati tsamba loloweza.

"Amayi anayatsira mbaula, madamu. Ankayesa makatoni wamba."

Mtsikana wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Aphunzitsi sanaseke. Anayang'ana manja awo kwa kanthawi. Anafunsa ngati ndinawauza amayi kuti makadiwo ndi a sukulu, ndipo ndinati ndinali nditapita kotunga madzi. Anafunsa za kathumba, ndinati nakonso kanapsa. Anapuma mozama, n'kunena kuti amayi abwere mawa m'mawa. Tsiku limenelo tinayesa kulemba malembo ndi zala pafumbi la pabwalo, koma fumbi linali litasanduka matope, ndipo anatiweruza msanga.

Zaka zambiri ndinkadziuza kuti bodzalo linangotuluka lokha chifukwa cha mantha. Tsopano ndine mayi, ndipo sindingadzinamizenso. Ndinasankha bodza limene ndinkadziwa kuti aliyense alikhulupirira. Sukulu yonse inkawadziwa amayi, chifukwa aphunzitsi ambiri ankakwerera minibasi pa siteji yomwe ija. Ankawaona tsiku ndi tsiku ali ndi katoni m'manja. Ankadziwanso kuti posainira zotsatira za mayeso amayi ankadinda chala. Ndinatenga zinthu ziwiri zoona za amayi anga, katoni ndi chala chodinda, n'kumangira nyumba yobisalamo ine.

Madzulo ake ndinangowauza kuti akufunidwa kusukulu. Anafunsa ngati ndalakwa, ndinati sindikudziwa, mwina ndi za chitukuko. Anadandaula pang'ono kuti chimanga chomwe anapikula chifota, koma anati apita.

Lachiwiri anavala ngati akupita ku Mvano: chitenje chatsopano, mpango woyera, nsapato zakuda zomwe zinkawapweteka chala chachikulu. Anadzola mafuta kuti manja asaoneke makala. Tinayenda limodzi. Podutsa pa kalavati ndinayang'ana kumbali ina.

Aphunzitsi anatuluka nafe pakhonde, koma chitseko chinali chotsegula ndipo mawindo analibe magalasi. Mitu ya ana inali ndandanda. Anapatsa amayi mpando, amayi anakana n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Ine ndinaima pafupi ndi chipilala. Aphunzitsi analonjera mwaulemu, n'kuyamba kufotokoza. Sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanakhala bwino. Analankhula pang'onopang'ono, monga ankalankhulira ndi ife amchenga. Anati mwana wanu ali ndi nzeru koma kuwerenga kukumuvuta, n'chifukwa chake amatsalira. Anati makadi aja anawatengera masabata atatu kupanga, ndipo ana khumi ndi mmodzi amadalira omwewo. Anati akudziwa kuti makala a masiku ano ndi ovuta kuyaka, koma pepala lililonse limene mwana wabwera nalo kuchokera kusukulu, ngakhale lioneke ngati chinyalala, ndi bwino kufunsa kaye musanaliike pamoto.

Zinthu ziwiri amayi anazimva nthawi imodzi, zoti loya wawo sadziwa kuwerenga, ndi zoti iwo anawotcha malembo. Anatembenuka n'kundiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwaukali. Anandiyang'ana monga ankayang'anira ndalama ya pepala imene akuikayikira, kufuna kuona ngati ndi yeniyeni. Ndinadikira kuti anene kuti makadi ake ati, sindinawaonepo ine. Ndinali nditayamba kale kumva kuwawa kwa ndodo m'matako, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti zitero, zithe.

Amayi anabwezera maso kwa aphunzitsi. Anagwada bwinobwino, n'kuomba m'manja mofatsa kawiri.

"Pepani aphunzitsi. Ine sukulu sindinapiteko. Ndinangoona ngati makatoni. Mwanayu musamuchotse pagulupo, wolakwa ndine."

Mphunzitsi wina wamwamuna ankadutsa ndi kaundula m'khwapa. Anamva, anapukusa mutu, n'kunena chapansipansi koma momveka kuti makolo enawa ndiye amatibwezera m'mbuyo. M'kalasi munamveka kuseka. Aphunzitsi athu anawadzutsa amayi ndi manja awiri, akuti zatha mayi, musagwade, sindinakuitanireni mlandu. Amayi anathokoza, anakonza mpango, n'kutuluka pageti akutsimphina pang'ono chifukwa cha nsapato zija. Sanandiyang'anenso.

Pofika nthawi yoweruka nkhani inali itafika kale makalasi onse. Ana ena anadzera dala ku siteji. Ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinamva wina akufuula kuti mayi, tipatseni chimanga chowotchera a e i o u, mwina tikhoza mayeso. Oitanira minibasi anafunsa nkhani yake, atauzidwa anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mmodzi anati ndiye chifukwa chake chimanga cha masiteni awa chikukoma, n'chophunzira. Amayi ankangotembenuza chimanga pa waya, akukupiza moto, nkhope ili pansi. Ine ndinazungulira kuseri kwa magolosale kuti asandione.

Amalume anamva asanafike n'komwe kunyumba. Analowa dzuwa lisanalowe, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kuyamba kulankhula ali chiimire. Anati achemwali mwatichititsa manyazi, zinthu za sukulu mumafunsa, ine ndilipo bwanji. Anati anthu akuseka banja lonse. Zoti ine sindidziwa kuwerenga sanazikhulupirire, anati aphunzitsi a masiku ano amangofuna pothawira, mwanayu amawerenga iwo akumva. Amayi ndi amene anawalera amalumewo, anawabereka kumsana agogo atamwalira, koma tsiku limenelo anadzudzulidwa ngati mwana. Amalume atatha kulankhula, amayi anangopempha makatoni awiri abwino, osanyowa, amene anali m'galimoto.

Amayi anandituma kuti ndibwere ndi beseni ndi sefa ya ufa. Tinatsikira kumtsinje tonse awiri. Mvula ija inali itasiya mchenga woyera m'mbali. Amayi anasankha wapamwamba, anauyanika pa chitenje pamwala pomwe panali kadzuwa kotsala, kenako n'kuyamba kusefa. Anasefa kawiri. Timiyala totsala ankataya kumbali. Titabwerera anakhala pakhonde ndi mpeni, n'kundifunsa funso limodzi lokha, kuti makadiwo anali aakulu bwanji. Ndinawaonetsa ndi manja. Sanafunse kuti anali angati, kapena kuti ali kuti. Anadula makatoni onse awiri, tizidutswa tofanana ngati tayezedwa ndi rula, n'kutimanga ndi luzi. Anathira mchenga m'jumbo ya shuga, ufa wa chinangwa m'jumbo ina. Anatenga chitenje chawo chakale n'kusoka kathumba.

Atamaliza anaika zonse patsogolo panga. Anati malembo ake iwo sangathe, akalembe okha aphunzitsi. Kenako anandigwira pachibwano n'kudzutsa nkhope yanga, zala zawo zikununkha utsi.

"Zanga ndathana nazo. Zatsala zili pakamwa pakopo. Ukaone wekha."

Sanabwerezenso mawu amenewo, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka lero. Aphunzitsi anapangadi makadi ena pa makatoni a amayi, ndipo ndi pa makadi amenewo pomwe ndinaphunzirira kuwerenga, moti pofika Sitandade 4 chithunzi sindinkachifunanso. Koma kathumba sikanapitenso kunyumba kwa mwana aliyense. Ankakatsekera mu kabati. Anzanga amene dzina lawo linali lisanafike sanapeze mwayi wawo, ndipo ankadziwa woyambitsa, kapena ankaganiza kuti akumudziwa. Dzina loti mayi a e i o u linakhala pa siteji paja zaka, ngakhale anthu amene sankadziwa chiyambi chake ankaitana choncho. Amayi ankayankha. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, aphunzitsi aja anasamutsidwa, ndipo sindikudziwa kumene ali. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 1 tsopano, ndipo mwezi watha anabwera ndi uthenga woti aphunzitsi ake akufuna kundiona chifukwa malembo akumuvuta. Ndinapita. Anandipatsa mpando, ndinakhala, koma nthawi yonseyo maso anga anali pa simenti ya pakhonde.

M'mawa mwa Lachitatu, mawa lake la tsiku limene amayi anagwada, ndinadzuka ndisanadzutsidwe. Ndinasesa pabwalo, ndinatunga madzi, ndinasamba. Amayi anali akusankha makala. Ndinanyamula makatoni, mchenga ndi ufa m'manja, poyera, osabisa mu yunifolomu. Njira yonse ndinkayeserera mawu. Madamu, amayi sanawotche. Ndinabisa mu kalavati. Mawu asanu ndi limodzi okha. Ndinawanena podutsa pa mpopi, ndinawanena pageti, ndinawanenanso pakhomo la kalasi.

Ndinapeza aphunzitsi ali okha, akupukuta bolodi. Ndinagwada n'kupereka katundu uja. Anamasula luzi, anayendetsa chala m'mbali mwa kadi imodzi, anatapa mchenga n'kuusiya udutse m'zala. Anati sanaonepo mchenga wosefedwa bwino chotere. Maso awo anachita ngati alengeza misozi. Ndinatsegula pakamwa, ndinakoka mpweya, koma iwo anayamba kulankhula ine ndisanayambe.

"Amayi ako ndi munthu wabwino. Usawachitire manyazi, wamva? Si kulakwa kwawo kuti sanaphunzire. Iweyo limbikira, udzawawerengere."

Anandisisita pamutu. Panja belu linali lisanalire, m'kalasi munalibe wina aliyense, ndipo mpata unalipo wokwanira mawu asanu ndi limodzi. Ndinati zikomo madamu. Ndinadzuka, ndinapita pamalo panga pafupi ndi khoma, n'kukhala pansi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nditakhala pansipo mtima unapepuka. Ndinaona kuti zatha bwino: sindinamenyedwe, sindinachotsedwe pagulu, aphunzitsi akondwa, makadi apangidwanso. Ndinkaganiza kuti amayi sanataye kanthu, poti zoti sadziwa kuwerenga anthu ankazidziwa kale. M'mutu mwanga mwa zaka khumi, munthu wosaphunzira sakanamva kuwawa ponenedwa kuti ndi mbuli, monga mmene munthu wonyowa kale saopera mvula. Belu linalira, anzanga analowa akukankhana, ndipo aphunzitsi atayamba kuwerenga mzere woyamba ndinabwereza nawo mokweza kuposa onse.